Mukapangitsa webusayiti ya bizinesi, iyambire pa foni

Anzanga a mageni, kaya muli ndi shopu ya ma spare ku Limbe, loji ku Nkhata Bay kapena kasaluni ku Area 25, musanapereke ndalama kwa wopanga webusayiti ganizirani kaye munthu amene azidzaitsegula. Ameneyutu sali mu ofesi pa wifi ayi. Ali mu minibasi ndi ka itel kapena Tecno, bandulo yake ya Airtel kapena TNM yatsala pang'ono kutha ndipo netiweki ikungobwera nkumapita. Iye akufuna adziwe chomwe mukugulitsa, mtengo wake, ndi komwe angakupezeni. Basi.

Ndiye wopangayo akabwera ndi laputopu kudzakuonetsani ntchito, muuzeni aike pambali, atsegule pa foni yanu. Zilembo ziziwerengeka osachita kukoka ndi zala ziwiri, mabatani akhale akuluakulu oti chala chachikulu chidine osaphonya.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa zithunzi, ndipo zimandiwawa chifukwa nzosavuta kukonza. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yabwino chimatha kukhala 3MB kapena 5MB, ndiye wina amangotenga khumi nkuziunjika pa tsamba loyamba, kuwonjezeranso vidiyo yoyamba yokha kusewera, kasitomala akutsegula nkumaona kabwalo kaja kakungozungulira data ikupita, mapeto ake amatseka nkupita kwa mnzanu wa pa Facebook. Chepetsani chithunzi chilichonse chisapose 200KB. Mawebusayiti a Squoosh ndi TinyPNG amachita zimenezi ulere, ndipo mukasunga chithunzicho mu mtundu wa fayilo wotchedwa WebP chimapepukanso osaonongeka maonekedwe. Vidiyo ikani pa YouTube, pa webusayiti pangokhala link. Komanso chonde zithunzi zikhale zanuzanu, chipinda chenicheni cha loji yanu ndi neti yake, mbale yeniyeni ya chambo yomwe mumaphika, osati zotola pa intaneti za anthu omwe sanapondepo pa shopu yanu. Mukamaliza lembani adiresi ya webusayiti mu PageSpeed Insights ya Google, ikuuzani chomwe chikuchedwetsa.

Mitengo lembani poyera. Zomauza munthu kuti abwere ku inbox kuti amve mtengo zimathawitsa anthu, ambiri amaganiza kuti mukufuna kuwadyera. Ndikudziwa mitengo siikhazikika masiku ano, kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 aliyense anasintha mitengo, nchifukwa chake muumirire kuti akupangireni yoti muzitha kusintha nokha. WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, imathandiza pamenepa, mumangolowa nkusintha nambala ngakhale pa foni. Pansi pa mitengo lembani tsiku lomwe mwasintha komaliza.

Batani la WhatsApp likhale pamwamba, loonekeratu. Link yake imalembedwa wa.me/265 kenako nambala yanu mutachotsa 0 woyamba uja, munthu akadina amangofikira mu chat yanu osavutika kusunga nambala. 265 ameneyu musamuiwale, pali achibale ku Johannesburg ndi ku UK omwe amagulira makolo awo simenti ndi feteleza kuno ali konko. Mafomu ataliatali ofunsa dzina, adiresi, imelo ndi zina zotero asiyeni, anthu athu amafuna kulankhula ndi munthu. Za malipiro fotokozani bwino, Airtel Money, Mpamba, akaunti ya ku banki, ndipo mulembe dzina lomwe lituluke akamatumiza ndalama kuti asaope kuti akuberedwa.

Malo anu ikani pini ya Google Maps, kulembetsa pa Google Business Profile nkwaulere, koma mulondolerenso mmene timalondolerana, kuti mukatsika pa siteji yakuti mukhotere kumanja, geti lobiriwira kuseri kwa chigayo. Nthawi yotsegula ndi yotseka ilembedwe, ndi ya Loweruka yomwe.

Tsopano ichi mumvetsetse. Domain, yomwe ndi adiresi ya webusayiti yanu, kaya ndi ya .mw kapena .com, ilembetsedwe mdzina lanu ndi imelo yanu, osati ya wopangayo, ndipo ma password onse a hosting, komwe webusayiti yanu imasungidwa, akupatseni tsiku lomwe mukumulipira komaliza. Anthu amasamuka, amasintha manambala, mwinanso mukangana, ndiye webusayiti nkuzima chifukwa domain imalipiridwa chaka ndi chaka ndipo uthenga wokumbutsa ukupita kwa munthu amene simukumupezanso. Onetsetsaninso kuti adiresi ikuyamba ndi https, kusonyeza kuti webusayiti ndi yotetezedwa, satifiketi yake ya Let's Encrypt ndi yaulere, pasakhale wokulipiritsani zambiri pa chimenechi.

Musanalengeze kwa anthu, zimitsani wifi, mupatse foni azakhali anu kapena mlonda wa pa shopu, muwauze apeze mtengo wa chinthu chimodzi nkukutumizirani uthenga. Inu khalani chete, muzingoyang'ana chala chawo. Pomwe aima nkufunsa kuti "ndidine pati apa?" lembani, mubwezereni wopanga uja akakonze musanamalize kumulipira.