Kusamalira agogo opareshoni ya chiuno ikatha

Agogo akathyoka fupa la m'chiuno n'kuchitidwa opareshoni, ambiri amangoti basi zanga zatha sindidzayendanso. Apa mpamene wosamalira umayenera kulimba mtima. Musawanamize kuti mawa athamanga ayi, muziwapatsa kacholinga kakang'ono, lero akhale tsonga pabedi, mawa aime ndi woka (chitsulo chogwirira poyenda), mkuja afike pakhomo. Madokotala amafuna ayambe kudzuka tsiku lotsatira opareshoni chifukwa kugona nthawi yaitali kumabweretsa zilonda zapamsana, chibayo komanso magazi kuundana m'miyendo. Mankhwala ochepetsa ululu apatseni nthawi yake, munthu akumva kuwawa sangayese n'komwe. Afunseni chomwe akufunitsitsa, kaya kubwerera ku tchalitchi kaya kukaona dimba lawo, ndiye muziwakumbutsa chimenecho akatopa. Adzukulu azibwera kudzacheza nawo.