Mpira wa pamchenga ndi kusambira kunyanja: konzani malo kaye, ndipo pakhale munthu woyang'ana pamadzi

Ikangofika Okutobala magombe onse amadzadza, kuyambira Senga Bay, Nkhotakota, Chintheche mpaka uko ku Mangochi ndi Cape Maclear, makamaka pa 15 Okutobala tsiku la anakubala lija, kenako Khirisimasi ndi Nyuwere. Mabasi a ana asukulu, makwaya akutchalitchi, amayi a banki m'khonde, anyamata a mpira, onse ulendo wa kunyanja. Ine sindikuletsa ayi, nyanjayi ndi yathu ndipo ana akuyenera kusewera, komanso mpira wa pamchengawu siwocheza nawo masiku ano, timu ya dziko lino inakafika mpaka ku mpikisano wa mu Africa womwe unachitikira ku Vilankulo ku Mozambique mu 2022, ndiye mwana amene akuthamanga pamchenga ku Salima lero mawa akhoza kuvala yunifomu ya dziko. Koma nkhani yanga ndi inu atsogoleri, aphunzitsi, makochi, a komiti ya achinyamata, akuluakulu a mpingo, inu amene mumatenga ana a eni ake kupita nawo kumadzi. Ambiri mumakonza bwinobwino za transipoti, mpunga ndi zakumwa, koma funso loti kodi ndani akhale akuyang'ana pamadzi anawa akamasambira, limenelo silifunsidwa nkomwe.

Tiyambe ndi bwalo. Musangofika nkuzika mitengo ya magolo paliponse, gombe lili ndi eni ake, kaonaneni ndi amfumu komanso a Beach Village Committee, komiti yoyang'anira za usodzi pagombepo, akulozereni malo, chifukwa pali pena pamene asodzi amakokerapo khoka, pena pali mathandala oyanikapo usipa, mukathira mchenga pa usipa wa munthu ndiye mlandu umenewo. Ndipo anthu omwewa ndi amene akuuzeni zinthu zomwe inu obwera simungazione ndi maso, tifikako kumeneko.

Mpira umenewu amasewera opanda nsapato, nde mchenga ndi chilichonse. Gululo likangofika muwandandalitse onse mzere umodzi, ayende pang'onopang'ono kuchokera golo iyi kukafika inayo, ena ndi mareki ena ndi manja, kufukula mchenga osati kungoyang'ana pamwamba. Muona zomwe zituluke, mbedza za dzimbiri, mabotolo osweka, zitsekerero za mabotolo, zidutswa za waya, minga ya kampango yomwe imalowa m'phazi mpaka munthu kulira, ndiponso makala pamene ena amaotchera nsomba dzulo lake nkungokwirira ndi mchenga. Mabwalo enieni mchenga wake umakhala wakuya masentimita 40, ife sitingayeze paliponse koma ngati pansi pali mwala kapena dothi louma lomwe mukulimva ndi chidendene, sunthani bwalolo. Kukula kwake ndi mamita 35 mpaka 37 mulitali, 26 mpaka 28 mulifupi, kwa ana chepetsani ndithu palibe angakumangeni. Malire ikani chingwe kapena nsanza zowala, m'makona muike timbendera pa bango kapena kamtengo kofewa, osazika chitsulo ayi chonde, mpira uwu anthu amagwa pafupipafupi. Komanso bwalo litalikirane ndi madzi, golo isayang'ane kunyanja, poti mpira ukagwera m'madzi mwana amangouthamangira osaganiza, mpira uja mphepo nkumaukankhira mkati iye nkumautsatirabe.

Osewera ndi asanu mbali iliyonse kuphatikiza goloboyi, zigawo zitatu za mphindi 12, ndipo kusintha osewera mumasintha mmene mungafunire. Lamulo limeneli muligwiritse ntchito kwambiri, kuthamanga pamchenga kumatopetsa kuposa pa kapinga, mwana wa ku Dedza kapena Ntchisi amene sanazolowere kutentha kwa kunyanja pakangotha mphindi zochepa mumuona wayamba kudzandira. Sewerani mmamawa isanakwane 10 koloko kapena madzulo ikadutsa 3, masana mchenga wa Okutobala umatulutsa matuza. Inu akochi vulani nsapato muponde nokha kaye, mukaona kuti simungaime, mwananso sangaime. Madzi akumwa mubwere nawo a pamjigo kapena othira klorini, asamwe a m'nyanja olo akuoneka oyera bwanji, kolera ya 2022 ndi 2023 ija tonse tikukumbuka mmene inasautsira maboma a m'mbali mwa nyanja.

Tsono nthawi yoopsa kwambiri pa tsiku lonse ndi pamene wenzulo yomaliza yalira. Aliyense watuluka thukuta, mchenga uli thupi lonse, gulu lonse limangothamangira m'madzi nthawi imodzi, aphunzitsi ali kalikiliki kugawa chakudya, ena akujambula pafoni, ena apita kukagula chambo. Ngozi zambiri zimapezerapo mpata pamenepa. Ndiye musanachoke kwanu sankhani munthu wamkulu, wodziwa kusambira, wosamwa mowa tsiku limenelo, ntchito yake ikhale imodzi basi, kuima pamtunda nkumayang'ana pamadzi, wenzulo ili pakhosi, foni ili m'chikwama. Asapatsidwe ntchito ina iliyonse, kaya kusunga ndalama kaya kuyimbira mpira. Akhale awiri kapena atatu azisinthana pakapita kanthawi chifukwa maso amatopa ndi kunyezimira kwa madzi, ndipo wina asachoke mnzake asanafike. Ngati pagulu panu palibe wodziwa kusambira bwino, ndipo nthawi zambiri kwa ife a kumtunda sapezeka, lipirani mnyamata wa pagombe pompo amene amfumu kapena a komiti akumudziwa, ndalama yake ndi yochepa kuyerekeza ndi ya mafuta a basi.

Woyang'anayo adziwe ichi, munthu akamamira sakuwa. Ambiri timaganiza kuti tidzamva akufuula kuti thandizeni, ayi, mpweya wofuulira alibe, amakhala chiimire m'madzi mutu atapendekera kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi, manja akumenya pamadzi mmbali ngati akusewera, ndipo zimenezi sizitenga nthawi, mwana wamng'ono mphindi imodzi siikwana wapita pansi, anzake ali pafupi pomwepo akuseka osadziwa kanthu. Mwana amene anali kuchita phokoso kenako wangoti zii, ameneyo muitaneni dzina, akapanda kuyankha musadikire.

Dulani malire a posambira. Tengani zigubu zopanda kanthu zotseka bwino, mangani pa chingwe, miyala ikhale nangula, muike pamene madzi akulekeza m'chifuwa mwa mwana wamfupi pagulupo osati wamtali. Wamkulu ayambe wayendamo kaye ndi ndodo, chifukwa pansi pa nyanja sipofanana, ukhoza kuyenda madzi ali m'mawondo kenako phazi limodzi lokha wapezeka m'dzenje, ndipo madera ena ngati ku Nkhata Bay kuya kumayambira pafupi kwambiri ndi miyala, musaiwale nyanja imeneyi kumpotoko imafika mamita 700 kupita pansi. Alowe m'magulu ang'onoang'ono, aliyense akhale ndi mnzake woti azionana, wenzulo ikalira aliyense agwire dzanja la mnzake akweze mmwamba. Muwawerenge polowa, muwawerenge potuluka, osati kudzawerengera pa basi madzulo. Mwana amene amadwala khunyu musamusale, asewere nawo, koma m'madzi alowe pamodzi ndi wamkulu amene ali pafupi moti atha kumugwira ndi dzanja, nde makolo muziwauza aphunzitsi za matendawa osabisa.

Machubu a matayala aja anyamata amabwereketsa pagombe ine ndimadana nawo kwa munthu wosadziwa kusambira, amakupatsa mtima woti uli bwinobwino, mphepo nkukutengera kutali osazindikira, ukaterereka basi palibe chogwira. Ndipo za mowa ndinene mosapsatira, amene wamwa asalowe m'madzi, kaya ndi dalaivala kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi mwini ulendo.

Zikavuta nanga? Pamtunda pakhale nsungwi yaitali ndi chigubu cha malita 5 chomangirira chingwe chachitali, muthiremo timadzi pang'ono kuti chiziponyeka patali. Munthu akamamira mupatseni nsungwi kapena muponyereni chigubu mumukoke, kapena kuwani asodzi apite ndi bwato. Osadumphira m'madzi chifukwa cha chisoni chabe, womira amagwira ndi mphamvu zoopsa ndipo amakukwera pamutu, mapeto ake maliro amakhala awiri. Mukamutulutsa musamuzondotse kapena kumupsinja pamimba kuti madzi atuluke monga timachitira kumudzi, kumeneko nkutaya nthawi, chomwe akusowa ndi mpweya. Mugonekeni chagada, pendeketsani mutu kumbuyo pang'ono, onani ngati akupuma. Ngati sakupuma mutsineni mphuno mumuuzire mpweya pakamwa kasanu, kenako dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30, kuuzira kawiri, ka 30, kawiri, osasiya mpaka ayambe kupuma kapena afike achipatala, wina akhale akuthamangira galimoto. Akayamba kupuma mugonekeni chammbali, mumuvule zonyowa mumufunditse, ndipo apitebe kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, poti mapapo amatha kudzavuta patapita maola. Ndikupempha kuti izi musangowerenga pano, itanani a Red Cross kapena azaumoyo a kwanuko adzakuonetseni ndi manja ulendo usanafike.

Za mphepo ndi nyama funsani asodzi ndipo muwamvere. Mwera umaomba kwambiri miyezi yozizira, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mmamawa nyanja ikhoza kukhala bata koma pofika masana mafunde atakula moti ngakhale asodzi eniake amakokera mabwato kumtunda, mukaona iwo sakulowa inu mukulowa kukatani? Nthawi ya dzinja mukamva bingu aliyense atuluke m'madzi komanso achoke pabwalo, mphenzi imakonda poyera. Pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, m'mabango, ndi mumtsinje wa Shire, amenewo ndi malo a ng'ona ndi mvuu, ndipo chakum'bandakucha ndi dzuwa likangolowa musalole wina aliyense kusambira. Mpikisano wa mabwato ndi wokoma kwambiri kuonera, koma mzere wake uyende motsata gombe osati kulunjika mkati, opalasa akhale odziwa kusambira, avale ma life jacket, majekete oyandamitsa munthu pamadzi aja, ngati apezeka, ndipo boti limodzi la injini liziyenda pambali, komanso bwato la munthu mmodzi kapena awiri musakwezemo asanu kuti mujambulitse.

Chomwe chimapita nanu kunyumba osachiona ndi likodzo. Tizirombo take timakulira mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi osaya, makamaka pamene pali udzu ndi bango komanso pamene anthu ambiri amachapira ndi kusamba, timatuluka mu nkhonomo nkulowa pakhungu, sikuti mpaka umwe madziwo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi mazira amaswa nkulowanso mu nkhono, nkhani nkumangozungulira, choncho pamalo a masewera pakhale chimbudzi ndipo anawo muwauze poyera kuti m'nyanja sitikodzeramo. Sankhani gombe la mchenga woyera lomwe mafunde amamenya, kutali ndi pochapira, ngakhale sindingakulonjezeni kuti pamenepo ndiye mulibiretu. Kumidzi ina mpaka pano mnyamata akamakodza magazi amati wakula, ayi abale, ameneyo akudwala, ndipo likakhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi impso, limachepetsa magazi, kwa atsikana limabweretsa zilonda kunjira ya chiberekero mpaka ena kuvutika kubereka. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu atamuyeza mwana msinkhu, ndipo amamwa atadya kaye. Koma kumwa tsiku lomwe mwachoka kunyanja sikuthandiza kwenikweni chifukwa mankhwalawa sagwira bwino tizirombo tikadali tating'ono, nde lembani tsiku la ulendo mu kope la kalabu, pakatha masabata 6 mpaka 8 mupite ndi gulu lonse kuchipatala mukafotokoze kuti tinasambira kunyanja tsiku lakuti, akakuyezeni. Matimu a kugombe amene mumalowa m'madzi tsiku ndi tsiku, inu gwirizanani ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, akamagawa mankhwala kusukulu osewera amene sali pasukulu nawonso alembedwe alandire.