Momwe mungasefere golide pamanja mukapita ku Pilgrim's Rest

Ambirife amene tili ku Joni tikamva za golide timangoganiza za azama zama (okumba golide mozembera lamulo) ndi apolisi. Koma ku Mpumalanga, pafupi ndi Graskop, kuli katauni ka nyumba zamalata kotchedwa Pilgrim's Rest komwe mlendo amapatsidwa mbale yosefera golide n'kuuzidwa kuti ayese mwayi wake, popanda womuthamangitsa. Golide kumeneko anapezedwa mu 1873 ndi Alec Patterson, mkulu amene ankayenda akukankha katundu wake pa wilibala, ndipo mu 2005 mpikisano wa dziko lonse lapansi wa osefa golide unachitikira komweko. Pochoka ku Johannesburg tengani msewu wa N4, mudzere ku Dullstroom ndi Mashishing, kenako R533 yodutsa m'mapiri pa Robbers Pass. Mabuleki akhale abwino.

Yambirani pamalo owonetsera alendo momwe anthu akale ankakumbira, musangolowa mumtsinje uliwonse. Lamulo la ku South Africa la 2005 lokhudza miyala yamtengo wapatali ngati golide sililola munthu kusunga golide wosayengedwa opanda chilolezo, choncho funsani wokuyang'anirani ngati zomwe mwapeza mungatuluke nazo. Ife alendo obwera, za mapepala mukuzidziwa kale.

Mbale amabwereketsa pomwepo. Ngati mukufuna yanuyanu, gulani yapulasitiki yobiriwira kapena yakuda yokhala ndi timizere m'mbali mwake, chifukwa golide amaonekera bwino pamtundu woderapo. Yachitsulo n'njolemera, imachita dzimbiri, ndipo m'mashopu a alendo mtengo wake amachita kuupaka. Kabotolo, maginito ndi magambuti, basi zakwana.

Thirani mchenga wosakaniza ndi miyala mpaka kupitirira theka pang'ono, mizani mbale yonse m'madzi, phwanyani zibuma ndi zala, miyala ikuluikulu muitsukire momwemo musanaitaye. Kenako gwedezani chammbali mwamphamvu mbale ikadali m'madzi. Nzeru yake ndi ya lichero: chopepuka chimapita kumlomo, cholemera chimatsalira. Golide amalemera kuwirikiza 19 kuposa madzi, pomwe mchenga wamba sufika n'katatu komwe, ndiye mukagwedeza bwino iye amakakhala pansi penipeni. Pendeketsani mbale, timizere tiloze kutsogolo, madzi azikokolola za pamwamba zokha. Gwedezaninso, kokololaninso.

Tsono pomwe pamafunika kuleza mtima ndi pamene mwatsala ndi kamchenga kakuda kokwana masupuni awiri kapena atatu. Ine apa ndi pomwe zinandithawa ndikuona. Kunali kozizira ndipo m'mawa ndinali nditadzola Vaseline m'manja. Nditatulutsa mbale m'madzi kuti ndionetse mnzanga, timadontho tiwiri tachikasu tinauma pang'ono, ndipo madzi atabwereranso tinayandama ngati gaga, n'kutuluka ndi funde loyamba lomwe. Golide wosalala, wochepetsetsa, akakhudzana ndi mafuta kapena akauma amakana kumira. Choncho sambani m'manja ndi sopo musanayambe, ngakhale khungu litatuwa. Mbale yatsopano nayonso imabwera ndi mafuta a kufakitale, ikwecheni ndi sopo wotsukira mbale mpaka madzi asiye kuundana timadontho. Ndipo kamchenga kotsirizako musakasefere mumtsinje. Kasefereni m'beseni momwe mwadonthezamo sopo wamadzi dontho limodzi, kuti chikakupulumukani muchipezenso pansi. Musatulutse mbale kuti muonetse aliyense, wofuna kuona awerame yekha.

Mukatero siyani madzi ochepa, zungulizani pang'onopang'ono, kamchenga kakuda kayamba kusuntha n'kusiya mzere wachikasu kumbuyo. Maginito mukulunge m'pulasitiki, akuchotserani chitsulo chambiri chomwe chili m'kamchenga kakudako. Tolani golideyo ndi nsonga ya chala chouma, gwetserani m'kabotolo kodzaza madzi.

Zonyezimira zichuluka. Chomwe chikuwala padzuwa n'kuzimirira mukachiphimba ndi mthunzi wa dzanja si golide. Chitobweni ndi singano: golide amapindika, zinazo zimanyenyeka. Muyeso womwewu muugwiritse ntchito kwa anyamata amene angakutsatireni pamalo oimika magalimoto ndi timabotolo ta "golide weniweni, mtengo wachibale." Kawirikawiri ndi mwala wonyezimira chabe, ndipo atakhala weniweni mlandu ukukhudzaninso inu wogulayo. Wina akakuuzani za mekyule kuti amagwira golide msanga, mukaneni, mekyule ndi poizoni wa inu ndi wa mtsinje.

Zotsalazo n'zodziwikiratu: kwirirani pomwe mwakumba, bwezani mbale, ndipo nyengo yamvula pewani kuima m'madzi othamanga. Mutenge malaya osinthira ndi kampando, msana umayamba kudandaula ola lisanathe.