Musanagule njinga yamoto yopitira kuntchito kuno ku Chigwa cha Shire

Anzanga ogwira ntchito ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, amene mwatopa ndi kudikira minibasi kuti idzaze, njinga yamoto ikhoza kukuthandizani, koma muyambe mwaganizira msewu umene muzidzayendamo tsiku ndi tsiku. Pa msewu wa tala wa M1 ulendo umayenda bwino, ngakhale kuti madzulo ng'ombe ndi mbuzi zimadutsa mwadzidzidzi pochokera kubusa, ndipo m'nyengo yodula nzimbe magalimoto akuluakulu amachuluka kufupi ndi Nchalo. Kutsidya la kum'mawa kwa Shire nkhani ndi ina: mvula ikagwa kumapiri a ku Thyolo, mitsinje imasefukira ngakhale kuno kusanagwe dontho, ndipo madzi othamanga ofika m'mawondo amakokolola njinga pamodzi ndi mwini wake. Zikatero, dikirani madzi aphwe, ngakhale muchedwe kuntchito.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chipewa choteteza mutu. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene nthawi zina kumapitirira madigiri 40, kumachititsa ambiri kuchikoleka pahandulo, chonsecho pangozi mutu ndiwo umavulala koopsa. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, muvale chipewacho n'kumanga lamba wake pachibwano, ndipo mukonzeretu laisensi ndi inshulansi musanalowe pamsewu.