Mmene mungadzisamalire atakuchotsani chotupa mu ubongo

Ulusi wa pabala langa anauchotsa patatha masiku 10, ndipo achibale ataona kuti bala lauma anayamba kunena kuti ndachira. Ayi ndithu. Khungu limapola msanga, koma ubongo umachedwa. Sabata yachitatu ndinkati ndikasamba n'kuvala, mphamvu zonse zathera pomwepo, ndiye ndinkabwereranso pabedi. Kutopa kumeneku si ulesi, ndipo kumatha kutenga miyezi ingapo. Muzigwira kantchito kamodzi kenako n'kupuma musanafookeretu. Ine alendo awiri olankhula nthawi imodzi ankanditopetsa kuposa kuyenda, choncho musachite manyazi kuwauza kuti azibwera mmodzimmodzi.

Komabe musamangogona. Muziyenda tsiku lililonse, ngakhale kuchoka kuchipinda kukafika pakhomo, wina ali pambali panu chifukwa cha chizungulire. Kuyendako kumateteza kuti magazi asaundane m'miyendo. Akakupatsani mafizo a mkono, mwendo kapena a kalankhulidwe, muzichita pang'onopang'ono koma osadumphitsa tsiku.

Pogona mutu uzikhala pamwamba, pa mapilo awiri. Kwa masabata 4 mpaka 6 musanyamule zolemera, musawerame mutu uli pansi, ndipo musadzikakamize kuchimbudzi. Mankhwala ena opha ululu amadzimbitsa, ndiye muzimwa madzi ambiri ndipo vutoli likayamba muuzeni namwino. Galimoto musayendetse mpaka dokotala atakulolani.

Pa mankhwala m'pamene ndikufuna mumvetsetse. Dexamethasone amachepetsa kutupa kwa ubongo, koma amakweza shuga, amasowetsa tulo, ndipo ine anandikwiyitsa pa zinthu zazing'ono mpaka ndinalilitsa mwana wanga. Ngakhale zitatero musawasiye mwadzidzidzi. Dokotala ndiye amawachepetsa pang'onopang'ono. Oletsa kugwa khunyu, monga levetiracetam, muzimwa pa ola lomwelomwelo tsiku lililonse. Popeza ndinkaiwalaiwala, mkazi wanga ankachonga m'kope ndikangomeza.

Zina zimaopsa koma n'zodziwika: kutupa kwa diso masiku oyambirira, dzanzi mozungulira bala, nsagwada kuuma potafuna ngati anadula chakufupi ndi khutu. Zofunika kuthamangira nazo kuchipatala ndi izi: kutentha thupi kofika madigiri 38, khosi kuuma, bala kufiira kapena kutuluka mafinya, timadzi toyera mbee kudontha pabala kapena m'mphuno, mutu wowawa moonjezekera ndi kusanza, tulo tovuta kudzutsika, mkono kapena mwendo kufooka mwatsopano, mawu kusokonekera, ndi mwendo umodzi kutupa.

Amene mukukhala nawo muwaphunzitse lero lomwe zochita mukagwa khunyu. Akugonekeni chammbali, achotse zinthu zoti zingakuvulazeni, asakupanikizeni, asakuikeni chilichonse m'kamwa, ndipo ayang'ane wotchi. Kukapitirira mphindi 5, kukabwereza, kapena ngati n'koyamba, apite nanu kuchipatala nthawi yomweyo, atanyamula kope la mankhwala lija.