Galu akamangodzikanda: momwe mungathetsere nthata ndi kumuwenga zikhadabo

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Kasungu, dzuwa likamaswa mtengo, agalu ambiri amakhala ndi ntchito imodzi yokha, kudzikanda. Usiku mumangomva phazi likugunda chitseko pakhonde, kukacha mumapeza ubweya wayoyoka pamwamba pa mchira. Eni ake ambiri amathamangira botolo la mankhwala omwe anatsala popopera fodya, ndipo pamenepo ndi pomwe agalu amafera. Wa mnansi wanga anapita motero chaka china: anamusambitsa m'mawa, pofika masana dovu lili chuchuchu, thupi lonse likunjenjemera, madzulo tinakumba dzenje. Nthata zinatsala pakhomopo zili bwinobwino.

Yambani mwadziwa chomwe chikumuluma

Si kuyabwa konse komwe kumachokera ku nthata. Muimikeni galu pa nsalu yoyera yonyowa, mupese ubweya wake mobweza, makamaka pamsana pafupi ndi mchira, m'mimba ndi m'mphechepeche. Pakagwa tinthu takuda tonga mchenga, tipakeni ndi chala pansaluyo. Tikasanduka tofiira, amenewo ndi magazi a galu wanu omwe nthata zinayamwa n'kuwanyera. Ngakhale simunaone nthata ndi imodzi yomwe, zilipo. Agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu a nthata, moti kulumidwa kangapo kokha kumakwana kuti adzikande mpaka zilonda.

Utitiri wa nkhuku uli ndi khalidwe lina. Sulumphalumpha, umangomatirira m'mphepete mwa makutu ndi mozungulira maso, muunyinji wake ngati nthangala za fodya. Pakani Vaseline wambiri pomwe wamatirirapo kwa masiku angapo, osafikitsa m'diso, umafa wokha chifukwa chosowa mpweya. Koma galu akapitiriza kugona pafupi ndi khola la nkhuku losasesa, mwezi sutha usanabwerere.

Nkhupakupa zimaoneka ndi maso, m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Igwireni pafupi kwambiri ndi khungu, mukoke pang'onopang'ono molunjika, osaiphulitsa ndi zala. Galu yemwe anali ndi nkhupakupa akasiya kudya, nkhama zake n'kuyera, mkodzo n'kuda, ndiye kuti matenda alowa m'magazi, ndipo sopo sangathandize kanthu. Chimodzimodzi ubweya ukamasosoka m'makutu, m'zigongono ndi kumaso, khungu n'kukhakhala ngati khungwa la mtengo. Amenewo ndi matenda a mphere, amafuna jakisoni kapena mankhwala opimidwa ndi mlangizi wa ziweto malinga ndi kulemera kwa galu. Alangiziwa amapezeka m'maofesi a zaulimi monga ku Santhe, Chamama, Kaluluma ndi Lisasadzi, ndipo pa boma pali ofesi yoona za ziweto. Mphere zina za galu zimayabwitsanso anthu, choncho ana asamunyamule kufikira atachira.

M'dzinja, ana agalu ogona padothi lonyowa amatuluka timatuza tokhala ndi kabowo pakati. M'katimo muli mphutsi. Tsekani kabowoko ndi Vaseline, dikirani pang'ono, finyani, itulukamo.

Kumusambitsa

Tungani madzi ofunda, osati otentha, ndipo sankhani nthawi ya m'mawa kuti aume ndi dzuwa. Sopo wa agalu akapezeka ndi bwino, apo ayi sopo wamba wosanunkhira amakwanira pa ulendo woyambawu. Wa ufa wochapira zovala ayi, amawaula khungu.

Yambirani m'khosi. Pangani thovu lozungulira khosi lonse musananyowetse thupi, chifukwa nthata zikamva madzi zimathawira kumutu n'kukabisala m'makutu. Kenako pakani thupi lonse mpaka kumchira ndi pakati pa zala, thovu likhale pathupi mphindi 5 mpaka 10. Apa m'pofunika mwana wina azimusisita ndi kumulankhula, apo ayi akupulumukani n'kukagubuduka m'fumbi. Tsukuluzani bwino, ndipo akauma mupeseni ndi chipeso cha mano othinana, chilichonse chotsalira pachipeso muziviika m'madzi a sopo. Kumusambitsa tsiku ndi tsiku kumaumitsa khungu, kuyabwa n'kuwonjezeka.

Sopo amapha nthata za tsiku limenelo basi. Zoteteza kwa nthawi yaitali zimagulidwa m'masitolo a mankhwala a ziweto. Pali mankhwala odontheza pakhungu okhala ndi fipronil, monga Frontline: mumapatula ubweya pakati pa mapewa, pomwe lilime silifika, n'kudonthezera pakhungu penipeni kamodzi pamwezi. Galu asasambe masiku 2 musanathire ndi masiku 2 mutathira, ndipo kagalu kosakwana masabata 8 sikathiridwa. Palinso dibi wa amitraz, yemwe alimi a ng'ombe amamudziwa kale, wothandiza pa nkhupakupa ndi mphere. Ameneyu ndi wamphamvu: sungunulani ndendende monga mwalembedwa pabotolo pa mlingo wa agalu, valani magolovesi, chitirani panja, ndipo tiagalu tating'ono, galu wodwala kapena woyamwitsa asayandikire. Mphaka nayenso ayi. Mankhwala aliwonse a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka, choncho pakhomo pomwe awiriwa amagona limodzi werengani chikalata musanagule.

Oilo wakuda wa galimoto, dizilo, palafini, Actellic wa m'chimanga, mankhwala a fodya ndi a thonje, zonsezi zisakhudze galu. Amadzinyambita, ndipo zina zimalowa kudzera pakhungu. Ngati zachitika kale, musambitseni msangamsanga ndi sopo ndi madzi ambiri, muthamangire kwa mlangizi mutanyamula botololo. Mkaka womwe anthu amamwetsa suchotsa poizoni.

Nkhondo yeniyeni ili pomwe amagona

Apa ndi pomwe ambiri timalephera. Nthata yaikazi imaikira mazira 40 mpaka 50 pa tsiku, ndipo mazirawo samatirira paubweya, amagwera pomwe galu wagona. Amaswa timphutsi tobisala m'fumbi, m'ming'alu ya pansi ndi m'ziguduli, ndipo kukatentha chonchi masabata 2 kapena 3 amakwana kuti dzira likhale nthata yoluma. Zina zimadzikulunga n'kudikira miyezi ingapo mpaka zitamva nyama ikudutsa. Pa nthata 100 za pakhomo, pafupifupi 5 zokha ndi zomwe zili pagalu. Zotsalazo zili pansi pa nkhokwe, m'chigafa, kuseri kwa khitchini, pamthunzi uliwonse womwe galu amaukonda.

Tsiku lomwe mwamusambitsa, tolani ziguduli ndi nsanza zomwe amagonera. Zakutha zitentheni, zabwino ziviikeni m'madzi owira n'kuziyanika padzuwa tsiku lonse. Sesani malo onse ogona mpaka m'makona, zinyalalazo muwotche, osakataya kudzala komwe galu amakafukula. Thirani madzi owira pansipo, ndipo ngati ndi padothi, zirani kuti ming'alu itsekeke. Timphutsi ta nthata sitipirira dzuwa ndi kuuma, n'chifukwa chake pabwalo poyera sipakhala vuto, vuto limakhala pamthunzi. Bwerezani ntchitoyi sabata iliyonse kwa miyezi 3. Ndi yotopetsa, koma mukasiya pa sabata yachiwiri chifukwa galu waleka kudzikanda, zodikira zija zimatuluka mukadali kudzitama.

Agalu onse a pakhomo athandizidwe tsiku limodzi, mphaka ndi mankhwala ake a mphaka. Musaiwalenso mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa galu akameza nthata podziluma amatenga njoka zina zomwe tizidutswa take timaoneka ngati mpunga pansi pa mchira. Kwa tiagalu tongobadwa kumene, chipeso ndi madzi ofunda ndiye mankhwala, ndipo muzitiyang'ana nkhama. Zikayera, nthata zatimaliza magazi, musachedwe nato.

Kuwenga zikhadabo

Galu wa kumudzi woyenda kumunda ndi kudambo zikhadabo zake zimaperepeseka zokha. Zomwe zimakula ndi za galu wa mumpanda pa boma, womangidwa patcheni, ndi wokalamba. Mukamamva "kwe kwe kwe" akamayenda pasimenti, zatalika. Zazitali zimapotoza zala, zimathyoka, ndipo galu wodzikanda amadzing'amba nazo khungu.

Chida chabwino ndi chowengera cha agalu. Kowengera zala ka anthu kamagwira ntchito pa tiagalu tokha, pa galu wamkulu kamaphwanya chikhadabo. Lezala ndi mpeni zisiyeni. Konzeranitu tupa wosalazira, kachibenthu ka usipa kapena nyama komunyengerera, ndi ufa woyera pang'ono m'kambale. Chitani akangotha kusamba, zikhadabo zikadali zofewa, wina yemwe galu amamuzolowera amugwire mutu. Ngati ndi wolusa, mumangeni kukamwa ndi nsalu yofewa, ndipo galu yemwe sanabayidwe katemera wa chiwewe musamuseweretse zala pafupi ndi mano.

M'kati mwa chikhadabo muli mnofu wamoyo wokhala ndi magazi. Pa chikhadabo choyera umaoneka mofiirira, ndiye dulani kutsogolo kwake, kusiya mamilimita 2. Agalu athu ambiri ali ndi zakuda, ndipo pamenepo mumadula kachidutswa kakang'ono, n'kuyang'ana podulapo. Pakamaoneka poyera ndi pouma, mukhoza kudulanso. Pakaoneka kadontho kakuda konyezimira pakati, lekani, mwafika. Mukalakwitsa, galu alira ndipo magazi atuluka ochuluka kuposa kukula kwa bala, koma musanjenjemere. Dinikizani ufa pansonga kwa mphindi 2 kapena 3, amaleka.

Pali chikhadabo china cha m'mbali mwa mwendo, chapamwamba pang'ono, chomwe sichigunda pansi. Chimenechi ngakhale galu wa kumudzi muzimuyang'ana, chifukwa chimapindika mpaka kubaya mnofu, mwini wake n'kumadabwa kuti galu akutsimphina chifukwa chiyani.

Zikhadabo zikakhala kuti zinatalika kwambiri, mnofu wa m'kati umakhalanso utatalika, choncho musafune kumaliza tsiku limodzi. Wengani pang'ono sabata iliyonse, mnofuwo umabwerera m'mbuyo wokha, kenako kamodzi pamwezi kamakwanira. Galu wamantha muyambe ndi phazi limodzi lero, mumupatse usipa wake, lina mawa.