Makoma a kasiteshoni kanga anasiya kupindika

Inu amene mumapanga timasiteshoni ndi timabogi ta sitima ndi makatoni, mwina vuto ili mudzakumana nalo. Ndikupanga kasiteshoni ka njanji ya Chipata-Mchinji ija inatsegulidwa mu 2010, pa sikelo ya HO, 1:87, kutanthauza kuti chilichonse chimachepetsedwa ka 87 poyerekeza ndi chenicheni. Koma ndikangopaka penti makoma amapindika ngati tsamba la fodya louma, denga osakhalanso. Kuyanika padzuwa kunangowonjezera vuto, kusita ndi ayironi amawongoka kenako abwereranso.

Anandithandiza ndi bambo ena achikulire amene tinakumana pa mpikisano wa zopangapanga, anagwira khoma nkundifunsa, "Mwapaka mbali zonse ziwiri mwana wanga?" Nkhani yonse ili pamenepo, ukapaka mbali imodzi yokha, mbali yonyowayo imafufuma ndiye ikamauma imakoka inzake. Ndinadula makoma atsopano, makatoni awiri opyapyala nkuwamata mopingasa ndi guluu woyera wa matabwa, pang'ono chabe chifukwa nayenso ali ndi madzi. Ndinawapsinja ndi mabuku usiku wonse, kenako vanishi kutsogolo ndi kumbuyo ndisanapake penti, nkumata timitengo ta machesi m'makona mkatimo. Ndagula guluu ndi vanishi basi, makatoni ndinangopempha pa shopu. Nyengo ya mvula zimachedwa kuuma, musathamangire penti.